Lipoti la msonkhano wa ofufuza katemera watsopano wa TB

A Wapampando, a Mlembi, a Msungichuma, ndi nonse a m'gulu lathu la ogwira ntchito za chifuwa chachikulu muno mu Blantyre: anamwino, alangizi a zaumoyo, anzanga a ku labotale, ndi odzipereka amene mumatolera makhololo m'madera.

Munandituma ku msonkhano wa masiku atatu wa ofufuza katemera wa TB, ndipo ndabwerako. Malisiti a basi, malo ogona ndi chakudya ndapereka kale kwa a Msungichuma pamodzi ndi chenje cha alawansi. Wofuna kuona akawapeze. Ndayambira pamenepa dala, chifukwa zimene zinalembedwa pa WhatsApp ndisananyamuke, zoti a ku labotale ndiwo amangodya maulendo, ndinaziwerenga. Werengani lipotili lonse, kenako muweruze nokha ngati ndalama inalowa m'madzi.

M'mawa wa tsiku loyamba unathera malonje, zokamba za akuluakulu, ndi ziwerengero zimene tonse timaziimba kale: mu 2023 anthu pafupifupi 10.8 miliyoni anadwala TB padziko lonse ndipo 1.25 miliyoni anamwalira nayo, malinga ndi WHO. Gawo la ndalama linali maliro okhaokha. Gawo la makompyuta olosera zam'tsogolo ndinakhalamo mpaka kutha, koma munalibe chimene mungagwiritse ntchito Lolemba m'mawa ku Ndirande kapena ku Bangwe. Nkhani yeniyeni inayamba masana, ndipo ndi imene ndikhalitsepo: katemera wogwiritsa ntchito vairasi wofooketsedwa ngati mtengatenga, amene pa Chingerezi amati viral vector.

Tikumbutsane kaye chifukwa chimene anthu akusakira katemera wina pamene BCG, katemera wa TB wobaya makanda, tili naye. Albert Calmette ndi Camille Guérin, ku France, anatenga kachilombo ka TB ya ng'ombe, Mycobacterium bovis, n'kumakabzala mobwerezabwereza pa mbatatesi yonyikidwa mu ndulu ya ng'ombe, maulendo 230 m'zaka 13, mpaka kanafooka. Mwana woyamba analandira mu 1921, ndipo mpaka lero palibe katemera wina wa TB amene anavomerezedwa. Anamwino mumamudziwa: 0.05 ml m'kati mwa khungu la khanda mpaka patuluke katuza, botolo likasungunulidwa litayidwe pakatha maola 6. Amateteza bwino ana aang'ono ku TB youmitsa khosi ndi TB yofalikira thupi lonse. Pamenepo palibe mkangano, amayi azipitabe nawo ana. Vuto lili pa achinyamata ndi akuluakulu, amene ndiwo amatsokomola n'kupatsira anzawo m'minibasi ndi m'nyumba za chipinda chimodzi. Pa TB ya m'mapapo, makafukufuku anapeza chitetezo choyambira pa 0 kufika pa 80 peresenti kutengera dera: ku Britain chinali chokwera, ku Chingleput ku India kunalibiretu.

Dzina la Malawi linamveka kangapo pa nkhaniyi. Ku Karonga, pakati pa 1986 ndi 1989, anthu opitirira 120,000 analowa m'kafukufuku woyesa ngati kubwereza BCG kumathandiza. Zotsatira zinatuluka mu 1996: BCG wachiwiri anachepetsa khate ndi pafupifupi theka, koma pa TB ya m'mapapo sanachite kanthu. Ganizo limene ambiri amaligwira n'lakuti m'madera otentha ngati kwathu kuno, m'dothi ndi m'madzi muli abale ake a kachilombo ka TB, ndipo thupi limakhala litakumana nawo kale. BCG akafika amapeza malo atatengedwa: mwina amaphedwa asanachulukane, mwina sawonjezera kanthu pa chimene thupi likudziwa. Ndikutchula izi chifukwa pa msonkhano wathu wa mwezi watha wina anafunsa ngati tingamabwereze BCG kwa okhala nyumba imodzi ndi wodwala. Yankho linapezeka kwathu konkuno kalekale, ndipo kafukufuku wamkulu wa posachedwapa mwa achinyamata a ku South Africa sanapezenso phindu lake.

Tsono mtengatenga uja amapangidwa motere. Amatenga vairasi wodziwa kulowa m'maselo a munthu, kawirikawiri adenovirus, wa gulu lija lobweretsa chimfine ndi maso ofiira. Mu DNA yake amadulamo chigawo chotchedwa E1, chimene popanda icho vairasiyo sangabereke. Amadulamonso E3, chimene chimamuthandiza kubisala kwa asilikali a m'thupi, ndipo kuchichotsa kumasiyanso mpata wa katundu. Pampatapo amasokererapo malangizo opangira puloteni ya kachilombo ka TB. Imene yagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi Ag85A, yomwe kachilomboka kamamangira khoma lake lokhuthala longa phula, khoma lomwe lija limachititsa kuti pa Ziehl-Neelsen, njira yopaka utoto poyeza makhololo, utoto wofiira usachoke ndi asidi. M'katemera wotereyu mulibe kachilombo ka TB, kamoyo kapena kakufa. Muli malangizo a puloteni imodzi, ziwiri kapena zitatu basi.

Nanga vairasi wosabereka amamuchulukitsa bwanji ku fakitale? Amamuweta m'maselo apadera, monga HEK293, amene ali kale ndi E1 m'kati mwawo, ndiye amamubwereka chimene anamulanda. M'maselo amenewo amachulukana. M'thupi la munthu amalowa kamodzi n'kuthera pomwepo. Pamene zimalakwikira ndi apa: nthawi zina vairasiyo amatenganso E1 kwa maselo omuwetawo n'kubwerera mwakale, wobereka. N'chifukwa chake mphika uliwonse umayesedwa usanatuluke. Kenako amaswa maselo, kusefa, kuyeretsa, n'kuwerenga. Kuwerengako kuli pawiri, ndipo tiziyang'ana bwino pa mapepala: pali chiwerengero cha timibulu tonse ta vairasi, ndi chiwerengero cha tokhato timene tingalowedi m'selo. Katemera wa COVID-19 wa AstraZeneca anali ndi timibulu mabiliyoni 50 pa kubaya kamodzi, kuwerenga tonse. MVA85A, amene ndimutchule posachedwa, anali ndi mamiliyoni 100, kuwerenga tamoyo tokha. Wofananiza manambala awiriwa akufananiza thumba la chimanga chosatonola ndi thumba la ufa.

Ofufuza amaikonda njira imeneyi chifukwa cha khalidwe la kachilombo ka TB. Kakapumidwa, kamamezedwa ndi maselo akuluakulu a m'mapapo otchedwa macrophage, amene ntchito yawo ndi kumeza ndi kugaya, koma iko kamatseka njira yogayira n'kusandutsa selo lomwelo nyumba yake. Ma antibody, mapuloteni oteteza oyenda m'magazi, amagwira mdani ali panja pa selo, choncho paokha sakwanira. Pamafunika maselo oteteza thupi otchedwa ma T cell: a CD4, omwe aja timawerenga kwa anzathu a HIV, amene amatulutsa interferon gamma yodzutsa macrophage kuti amalize chimene wameza, ndi a CD8, amene amapha selo logwidwa. A ku ART mukuona apa chifukwa chake CD4 ikatsika TB imalowa ngati pakhomo popanda chitseko. Mtengatenga akalowa m'selo, selolo limapanga lokha puloteni ya TB n'kuionetsa pamwamba pake, ndipo njira imeneyi imadzutsa CD8 kuposa mmene BCG amachitira. Maganizo oyamba anali akuti BCG ayale maziko pobadwa, mtengatenga abwere pambuyo kudzakweza khoma.

Pa pepala zinali zokoma. Zimene zinachitika ndi MVA85A ndiye phunziro lalikulu la msonkhano wonse. MVA ndi mbale wa vairasi wa katemera wa nthomba, amene anabzalidwa maulendo opitirira 500 m'maselo a nkhuku ku Germany mpaka analeka kubereka mwa munthu. Gulu la Helen McShane ku Oxford linaikamo Ag85A. Mwa akuluakulu a ku Britain olandira kale BCG, magazi anaonetsa ma T cell ochuluka kwambiri, chiyembekezo n'kukwera. Kenako anakamuyesa ku Worcester, kufupi ndi Cape Town: makanda 2,797 a miyezi 4 mpaka 6, onse olandira BCG pobadwa, theka kupatsidwa MVA85A, theka placebo (jekeseni wopanda katemerayo), n'kuwatsatira mpaka zaka 3. Zotsatira zinatuluka mu 2013. Mwa olandira katemera, ana 32 anadwala TB; mwa a placebo, 39. Ndiye kuti chitetezo cha 17 peresenti, nambala imene pa masamu a kafukufuku siisiyana ndi mwayi wamba. Katemerayo sanavulaze ana, koma sanawatetezenso. Kafukufuku wina mwa akuluakulu a HIV ku Cape Town ndi ku Dakar, wotuluka mu 2015, sanaonetsenso chitetezo.

Zifukwa zake zinakambidwa mpaka tiyi anazizira. Ma T cell mwa makanda aja anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi akuluakulu a ku Oxford. Kachilombo ka TB kali ndi mapuloteni pafupifupi 4,000, ndiye kudalira imodzi kuli ngati kuzindikira mbala ndi chipewa chokha, makamaka poti Ag85A imapangidwa kwambiri kachilombo kakamachulukana, kakagona imachepa. Chachitatu, chimene ine ndikuchiona cholemera kuposa zonse: ankayeza magazi a pamkono pamene nkhondo ili m'mapapo. Mpaka pano palibe chiyezo cha m'magazi chotsimikiza kuti munthu watetezedwa ku TB. Choncho wina akadzabwera kuno ndi zithunzi za ELISpot, chiyezo chowerengera ma T cell, madontho ali mbwee, n'kumati katemera wathu wadzutsa chitetezo champhamvu, funso lathu likhale limodzi: mwa amene munawabaya, odwala anachepa? Panali ofufuza ena achinyamata amene anaonetsa zotsatira za mbewa ngati kuti nkhani yatha, chonsecho mbewa zambiri za mu labotale sizipanga n'komwe mabowo a m'mapapo amene timaona pa X-ray ku Gulupu.

Vuto lachiwiri ndi la mtengatenga mwiniwake, ndipo likutikhudza ife kuposa a ku Ulaya. Adenovirus wa mtundu 5, Ad5, ndi wosavuta kupanga ndipo amadzutsa chitetezo mwamphamvu, koma kuno kum'mwera kwa Sahara akuluakulu ambiri anadwalapo kale chimfine chake ali ana. Ma antibody awo amamugwirira pachipata asanatule katundu. Palinso mbiri yowawa. Mu 2007 kafukufuku wa katemera wa HIV wogwiritsa ntchito Ad5, wotchedwa STEP, anaimitsidwa pamodzi ndi mnzake Phambili wa ku South Africa, ndipo zinaoneka kuti mwa amuna osadulidwa amene anali kale ndi ma antibody a Ad5, olandira katemera anatenga HIV kuposa a placebo. M'katemeramo munalibe kachilombo ka HIV, tisasokoneze. Koma mu mzinda ngati uno, momwe odwala TB ambiri alinso ndi HIV, aliyense wobwera ndi Ad5 afunsidwe za 2007, ayankhe pamaso pa COMREC, komiti yovomereza kafukufuku, ndi pamaso pathu. Njira zozembera ndi ziwiri. Ina ndi kusankha mtengatenga amene anthu sanakumane naye kwenikweni: Ad35, amene anayesedwa mu AERAS-402 atanyamula Ag85A, Ag85B ndi TB10.4 koma mwa makanda anadzutsa chitetezo chofooka, kapena adenovirus wa anyani a chimpanzi, ChAdOx1. Ina ndi kusintha mtengatenga pobaya kachiwiri, chifukwa thupi limaloweza nkhope ya woyamba uja: ChAdOx1 85A poyamba, MVA85A pambuyo, monga anayesera ku Britain ndi ku Uganda. Katemera wa Ebola wa Johnson & Johnson amayendanso choncho, Ad26 kenako MVA pakatha masabata 8.

ChAdOx1 ameneyu si mlendo kuno. Ndi yemwe anali mu AstraZeneca amene anafika kudzera ku COVAX, ndondomeko yogawa katemera m'mayiko, mu Malichi 2021, ndipo wa Johnson & Johnson anali Ad26. Ndiye anthu ambiri analandira kale mtengatenga, ndipo wolemba anthu m'kafukufuku azifunsa khadi la COVID-19. Tikumbukenso kuti mu Meyi 2021 dziko lino linatentha madozi 19,610 a AstraZeneca otha nthawi. Anafika atatsala ndi masabata osakwana atatu, anthu ali ndi mantha. Nkhani ya kuundana kwa magazi, imene inachitikadi mwa anthu ochepa kwambiri olandira akatemera awiriwa, inafika m'madera nkhani ina iliyonse isanafike. Amene adzabweretse ChAdOx1 wa TB adzapeza anthu akukumbukira, ndipo kukana kuti sizinachitike kudzangoipitsa zinthu.

Tsopano chimene chinandigwira mtima kuposa zonse: katemera wopumira. TB imalowera m'mapapo, ndipo kachilomboka kali ndi luso lochedwetsa alonda. Mwa mbewa pamatenga masabata awiri kapena atatu kuti ma T cell afike m'mapapo, pofika apo kamakhala katamanga kale. Katemera wobaya pamkono amapanga asilikali oyendayenda m'magazi. Wopumira amasiya asilikali okhazikika m'njira za mpweya momwemo, osadikira kuitanidwa. Ku McMaster University ku Canada, gulu la Zhou Xing linayesa Ad5 wonyamula Ag85A mwa akuluakulu athanzi olandira kale BCG, ena kupumira, ena kubayidwa pamnofu, zotsatira n'kutuluka mu 2022. Atatsuka m'mapapo n'kuwerenga maselo, opumira anali ndi ma T cell a TB m'njira za mpweya, pamene obayidwa analibe kwenikweni. Mlingo wopumira unali wochepa pafupifupi ka 100 poyerekeza ndi wobaya, ndiye botolo limodzi lingafikire anthu ambiri. Mwa anyani, BCG yemweyu atabayidwa mumtsempha pa mlingo waukulu, m'kafukufuku wotuluka mu 2020, anateteza 9 mwa 10. Palibe amene akuti tizibaya ana BCG mumtsempha. Mfundo yake n'njakuti polowera katemera pamasintha zotsatira.

Chipangizo chake ndi nebulizer, koma osati uja wa mpweya wopopedwa mwamphamvu amene timapatsira salbutamol odwala mphumu. Ameneyo amamenya madzi mwamphamvu n'kuphwanya vairasi, komanso amasiya mankhwala ambiri m'kapu. Amagwiritsa ntchito wa kasefa konjenjemera, kachitsulo kopyapyala ka timabowo tosaoneka ndi maso, kotulutsa nkhungu ya timadontho ta ma micron 1 mpaka 5. Tokulirapo timathera kukhosi n'kumezedwa, tocheperapo timatulukanso ndi mpweya. Munthu amapuma ndi pakamwa modekha kwa mphindi zochepa. Ku China anavomereza kale mu 2022 katemera wa COVID-19 wopumira wa CanSino, wa Ad5, amene munthu amakoka kuchokera m'kapu, ndiye si maloto. Koma zolakwika zake zilipo. Mlingo umene wafikadi m'mapapo sudziwika ndendende, wina amapuma mozama, wina amatsokomola pakati. Khanda simungaliuze kapumidwe. Nkhungu yotsala imafalikira m'chipinda, ndiye pamafunika sefa potulukira mpweya. Ku Oxford, amene anayamba ndi kubayidwa MVA85A pakhungu n'kubwereza ndi wopumira anamva kutentha thupi ndi kubanika kwa kanthawi kuposa amene anayamba ndi wopumira. Ndipo funso limene ndinafunsa pa nthawi ya mafunso ndi ili: oyesedwawo ndi anthu athanzi a mapapo oyera. Athu ndi amayi ophika pambaula ya makala m'khitchini yotseka, amuna oswa miyala ndi obwera ku migodi, anthu ochira TB koma mapapo ali ndi zipsera, ndi ambiri amene kachilombo kagona kale m'thupi. Mwa munthu wotere, puloteni ya TB ikagwera m'mapapo ingadzutse kutupa pamalo pomwe kachilomboko kabisala. Ayese pang'onopang'ono, ndipo aliyense ajambulidwe X-ray ndi kuyezedwa makhololo asanapume chilichonse.

Atengatenga ena awiri mwachidule. Cytomegalovirus, CMV, ndi mtengatenga wa khalidwe lina: sachoka m'thupi, ndiye amakumbutsa asilikali tsiku ndi tsiku. Gulu la Louis Picker ku Oregon linaonetsa mu 2018 kuti mwa anyani matenda anachepa ndi 68 peresenti, ndipo anyani 14 mwa 34 sanapezeke ndi TB ngakhale pang'ono. Nambala yokongola, koma ndi anyani, ndipo CMV wamba amatha kugonthetsa mwana ali m'mimba, choncho wa anthu ayenera kufooketsedwa kwambiri. Ku Kazakhstan anayesa vairasi wa fuluwenza wopopera m'mphuno, TB/FLU-04L, wonyamula Ag85A ndi ESAT-6. Anzanga a ku labotale tcherani khutu apa. ESAT-6 ndi CFP-10 ndi mapuloteni amene BCG anataya pofooka, n'chifukwa chake chiyezo cha magazi cha QuantiFERON chimagwiritsa ntchito iwowo kusiyanitsa wa BCG ndi wotengadi kachilombo. Katemera wonyamula ESAT-6 angachititse munthu kuoneka ngati ali ndi kachilombo pamene alibe, n'kumumwetsa mankhwala opewera TB a 3HP miyezi 3 pachabe.

Kutsuka m'mapapo kumene ndinatchula kuja ndi bronchoscopy: kapaipi kopyapyala kokhala ndi kamera kamalowa pamphuno kapena pakamwa atapopera mankhwala a dzanzi, amathira madzi amchere m'kagawo kamodzi ka phapo n'kuwakokanso. Apa Blantyre ali ndi mwayi. Ofufuza a bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome (MLW) ndi yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu (KUHeS) akhala akuchita zimenezi ku Gulupu kwa zaka zambiri, ndipo mzinda uno unayendetsapo kafukufuku wamkulu wa katemera wa typhoid ku Ndirande ndi Zingwangwa, ana pafupifupi 28,000, katemerayo n'kulowa m'ndondomeko ya dziko mu 2023. Ena pa msonkhano anaganiza zoti malo ngati athu azingotolera magazi, kuyeza kuzikachitikira kunja. Ndinatsutsa, ndipo ndikutsutsabe, chifukwa maselo ongotengedwa kumene ndi amene amanena zoona kwambiri, komanso luso limakhala kumene kuli ntchito.

Koma kuti tilimbe pakamwa, kwathu kukhale kosesa. Magazi akatengedwa, maselo oyera alekanitsidwe pasanathe maola 8, aumitsidwe pang'onopang'ono, pafupifupi digiri imodzi pa mphindi, kufika pa madigiri -80, kenako alowe mu nayitrojeni wamadzi. Firiji ikazima usiku umodzi maselo amafa mwakachetechete, zotsatira n'kumati katemera sagwira pamene amene sanagwire ndi jenereta. Katemera ngati AstraZeneca amasungidwa pa madigiri 2 mpaka 8, osaumitsa, botolo lotsegulidwa litayidwe pakatha maola 6. Akatemera ena oyesedwa amafuna madigiri -20 kapena -80. Apa a Wapampando mundilole. Papita miyezi chilembereni kalata ya firiji ya katemera ya pa chipatala china chaching'ono chimene tonse tikuchidziwa, ija chitseko chake amachimanga ndi mphira ya tayala. Tchati cha kutentha chimayenera kulembedwa kawiri patsiku, m'mawa ndi madzulo. Chimadzazidwa Lachisanu, mlungu wonse ndi cholembera chimodzi, tsiku lililonse madigiri 5, ngakhale tsiku limene magetsi anazima kuyambira m'bandakucha. Sinditchula munthu, chizolowezicho chili m'malo angapo. Tinaona mu 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira, mmene magetsi anasowera miyezi yambiri, ndi mu 2023 mmene Freddy anadulira njira za ku Chilobwe ndi Soche. Ngati BCG wa lero sitikumusunga bwino, wa -80 tidzamulandirira pati? Nkhani ya mafuta a jenereta inalowa pa mndandanda wa zokambirana zathu kawiri, kawiri konse n'kukankhidwira kutsogolo.

Ndinene mosabisa: mwa akatemera amene ali pafupi kufika mulibe wa mtengatenga. Wotsogola ndi M72/AS01E, puloteni yosakaniza ndi mankhwala odzutsa chitetezo, wobaya kawiri motalikana mwezi umodzi. Ku Kenya, South Africa ndi Zambia, mwa akuluakulu opitirira 3,500 amene anali kale ndi kachilombo kogona, anachepetsa TB ya m'mapapo ndi pafupifupi 50 peresenti m'zaka 3, mlingo womwewo umene WHO inaika ngati poyambira. Gawo lachitatu la kafukufuku wake, loyesa anthu ambiri, linayamba mu 2024 ndi ndalama za Gates Foundation ndi Wellcome, anthu pafupifupi 20,000 a zaka 15 mpaka 44, ndipo Malawi ali m'gulu la mayiko ake. Palinso MTBVAC wa ku Spain, kachilombo ka TB ya anthu kofooketsedwa, amene akuyesedwa mwa makanda. Akatemera a TB a mtengatenga onse ndatchulawa ali pa gawo loyamba kapena lachiwiri, ena adakali mwa nyama. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Wa pamphuno lero ndi BCG kwa khanda, makina oyezera makhololo a GeneXpert, mankhwala a miyezi 6, 3HP ndi ma ARV. Odzipereka musakauze anthu kuti katemera watsopano wafika, chifukwa wina aleka mankhwala mwezi wachinayi n'kumadikira.

Gawo la kulankhula ndi anthu a m'madera analipatsa ola lomaliza, anthu atayamba kale kunyamula zikwama, ndipo kumeneko kunali kulakwa. Mawu a Chingerezi akuti gene akatembenuzidwa mwaulesi amatuluka majini, ndipo tonse tikudziwa chimene agogo a ku Machinjiri amamva mukawauza kuti tikuika majini m'thupi la mdzukulu wawo. Tizinena kuti malangizo opangira kachidutswa ka kachilombo. Zoti vairasi ndi wa anyani tisabise, koma tifotokoze: anatengedwa kalekale, amawetedwa mu labotale, m'botolo mulibe magazi kapena nyama ya nyani. Pa za magazi, 2017 si kale. Mphekesera za anamapopa zinayambira cha ku Mulanje ndi Phalombe, zinafika mu mzinda muno, anthu anaphedwa. Kafukufuku wa T cell amatenga machubu angapo pa ulendo umodzi, kangapo pachaka. Munthu auzidwe kuchuluka kwake m'masupuni, adziwe kumene magazi akupita, ngati ena atumizidwa kunja auzidwe chifukwa chake. Oyankha mafunso amenewa pakhomo ndi odzipereka athu, omwe aja analonjezedwa njinga ndi ndalama ya mayendedwe chaka chatha, koma mpaka lero akutsika wapansi kuchokera ku Mbayani bokosi la makhololo lili m'manja. Tisamawakumbuke pokhapokha pakafunika kusaka anthu olowa m'kafukufuku.

Msonkhano unamanga mfundo zingapo. Yoti malo ofuna kulandira kafukufuku awerengere bwino achinyamata ndi akuluakulu odwala TB m'dera lawo ndinaivomera, chifukwa popanda nambala yodalirika palibe angadziwe kuti ayese anthu angati. Ndiye ma register athu, ena mwa iwo ali ndi mipata pa zotsatira za mwezi wachiwiri ndi wachisanu, akonzedwe. Yoti anthu a HIV azilowa m'kafukufuku mochedwa, katemera ataoneka kale bwino mwa ena, sindinaikonde. Mtengatenga wosabereka ndi amene akanawayenera bwino, poti BCG ndi wamoyo ndipo amatha kudwalitsa mwana amene chitetezo chake chatsika kwambiri. Kuwasiya m'mbuyo ndi kusiya kunja chigawo chachikulu cha odwala athu. Pa yokhazikitsa komiti ina yatsopano ndinangokhala chete. Makomiti tili nawo okwana.

Pa msonkhano wathu wa Loweruka ndikupempha mphindi 30. Tisankhe anthu awiri oyendera mafiriji ndi matchati a kutentha mwadzidzidzi, osati pa tsiku lodziwika. Tiyambe kulemba mawu athu a Chichewa a pa fomu yachilolezo tisanalandire fomu yotembenuzidwa ndi wina. Kalata ya njinga ilembedwenso, ulendo uno isainidwe ndi komiti yonse. Mapepala a msonkhano ndi zithunzi za nebulizer uja ndasiya kwa a Mlembi, ndipo wofuna kuona mbale ya ELISpot ndi maso ake andipeze ku labotale Lachitatu masana.

Ine wanu,
Nthumwi yanu ya ku labotale